Chikhomo Chomwe Apongozi Anga Anasamala

Kutentha kukayamba kuchepa, nzimbe zitatalika, timadziwa kuti Dokotala Nermine, katswiri wofukula zinthu zakale, ali m'njira. Chaka chino anafika pa galimoto yawo yotsokomola yomwe ija, makina oyezera malo atawafungatira pamiyendo ngati khanda. Tinawalandirira kuchitunda cha mapale, pomwe panali mudzi wa anthu amakedzana, ndipo tinapatsana moni mpaka tiyi kuzizira. Ine ntchito yanga n'kugwira ndodo: ndimaima pomwe andiuza, iwo n'kumasuzumira m'makina, mpaka mapu a makoma okwiririka atatuluka. Mkazi wanga amati imeneyo ndi ntchito ya mtengo wa magetsi, koma ine ndimaikonda.

Muyeso wonse umayambira pachikhomo chimodzi chachitsulo chomwe tinazika m'simenti chaka choyamba. Popanda icho, mapu atsopano sangalumikizane ndi akale. Amene amalondera malowa ife tikachoka ndi apongozi anga, a Abdel-Sabour, monga ankachitira bambo awo.

Titamaliza kudya nyemba ndi anyezi, Dokotala anandiuza kuti, "Tantawi, tiye kuchikhomo." Tinapeza mphepo itasalaza mchenga ponseponse, chikhomo osaoneka.

Apongozi anatitsatira akumwetulira, chifuwa chili patsogolo. Anapisa dzanja mumkanjo n'kutulutsa kanthu kokulunga m'nsalu yoyera.

"Musavutike, mwana wanga, nachi," anauza Dokotala. "Ogula zitsulo zakutha aja anayamba kuzungulira kuno ndi ngolo yawo. Ndinati ayi, cha Dokotala chokha sachiona. Ndinachizula, chakhala chikugona kunsi kwa bedi langa. Ndachipaka ndi mafuta omwe."

Kunena zoona chinkanyezimira. Ine manyazi anandigwira mpaka kumapazi.

Dokotala anakhala pansi pamchenga. "Amalume," anatero mofatsa, "chitsulochi n'chachabe. Chofunika ndi pomwe chinali."

Kumwetulira kwa apongozi kunazima. Tonse tinkadziwa kuti mawa lake kubwera woyendera wochokera kulikulu, ndipo mlonda wozula chizindikiro sakhalitsa pantchito.

Tinamwazikana n'kuyamba kufukula, wina akuti apa, wina akuti apo. Gaber, mnzathu wa pantchito amene pakamwa pake sipapuma, anakuwa ali chowerama: "Madala, chaka chamawa mudzasungenso chitunda chonsechi kunsi kwa bedi, mbava zisachione." Anthu anaseka. Apongozi sanaseke, ndipo tiyi atabwera anamukana. Chikwatireni mwana wawo sindinawaonepo akukana tiyi, ndipo zinandiwawa mumtima.

Dzuwa litakwera, Dokotala anaima n'kutosa kanthu ndi nsapato.

"Ndowe za bulu zikutani pamalo oletsedwa ziweto?"

Apongozi anayang'ana pansi.

"Ndi za Basha, bulu wanga. Ndinkamumangirira pachikhomopo ndisanachizule. Chinali cholimba bwino."

Ndinati basi, kwatha, mlandu wabala unzake. Koma Dokotala anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kuseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango.

"Nthawi yonse yotentha ija? Chingwe chake chimodzimodzi?"

"Chomwecho. Sindimusinthira."

"Bweretsani matsache, nonse."

Tinasesa motsatira ndowezo, ndipo pansi pa mchenga panatuluka kanjira kolimba kozungulira, komwe Basha anapondaponda pofuna kufikira udzu womwe kulibe. Dokotala anaitanitsa chingwe cha buluyo, anayeza kuchokera mbali iyi, anayezanso kuchokera mbali inayo, n'kundilozera pakati. Ndinakumba ndi manja. Zala zanga zinagunda simenti, ndipo pakati pake panali kabowo kodzaza mchenga. Titauzira, apongozi anagwada n'kulowetsa chikhomo chawo, chinangoti tswii, kulowa mpaka pomwe chinkalekezera.

Dokotala anaimika makina, anayeza ngodya ya khoma lomwe tinajambula chaka chatha, n'kugwedeza mutu kuti zagwirizana. Gaber anatembenuza ndowa n'kuyamba kuiomba, ife tikuwomba m'manja, nyimbo yake yoti bulu waphunzira kuposa mwini wake. Apongozi anavina nawo, ndodo ili m'mwamba, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Tiyi anamwa wawo, n'kumwanso wanga.

"Basha timukhomera chikhomo chake kuseri kwa mpanda," Dokotala anawauza. "Ichi musadzachisamalenso chonchi, amalume."

M'mawa mwake woyendera uja anabwera ndi nsapato zake zakuda. Anazungulira malo onse nkhope ili gwa, mpaka anafika pachikhomo. Anawerama, anachisisita ndi chala, chala n'kutuluka chonyezimira mafuta.

"Ndayenda malo ambiri," anatero, "koma chizindikiro chosamalidwa chonchi sindinachionepo. Mlonda wa pano ndani?"

Dokotala analoza apongozi, milomo ataifinya zolimba. Gaber anagwidwa ndi chifuwa chadzidzidzi n'kuthawira kuseri kwa tenti.

Apongozi anaongola mkanjo wawo, anaika dzanja pamtima.

"Timayesetsa, bwana," anatero, osayang'ana aliyense wa ife.