Nkhuku Yopepesera ya Sydney

"Iwe Emelda, mlandu uja usakaufafanize ku polisi. Nakuuza, usayese!"

Ambuya ake, ba Elesi, anali ataima pakhomo, manja m'mafelemu. Koma mdzukuluyo anali atavala kale nsapato. Pakhosi pake pankaonekabe zala za mwamuna wake, Sydney, amene anamukanyanga masiku anayi apitawo, iye n'kukamuneneza ku polisi, n'kuthawira kuno ku Chawama.

Panja panali azakhali a Sydney, ba Virginia, atagwada pafumbi ndi nkhuku yoyera yomanga miyendo. Kwawoko, mkazi akalandira nkhuku yotere ndiye kuti nkhani yatha, sibwerezedwanso.

"Ambuya, munthu mkulu wagwada. Nizakana bwanji?"

"Agwade mpaka mawondo atupe! Wamene anakugwira pakhosi ali kuti? Bwanji sanabwere yekha?"

Ba Elesi kusukulu sanapondeko, koma Lachitatu lililonse ankakhala kutsogolo amayi akamaphunzitsana kutchalitchi za nkhanza za m'banja. Mapepala ogawidwa kumeneko ankangowapinda, koma mawu a Hilda, mphunzitsiyo, ankawasunga onse.

"Ba Hilda anakamba kuti mwamuna akafika pogwira pakhosi, siulendo womaliza. Kubwera kwina nikoipa kupambana."

Ba Virginia anaseka. "Ba Hilda bamene alibe na mwamuna? Aziba chani va nyumba? Ise uyu tinamulangiza asanalowe m'banja: vinthu va kuchipinda siviyenda ku polisi."

"Ndiye ukalangize mwana wa mlongo wako!"

Emelda anadutsa pansi pa mkono wa ambuya ake. Anagwada, nalandira nkhuku ija ndi manja awiri.

Masana omwewo ba Elesi anapita kwa Hilda akupuma mwabefu. Hilda anamvetsera, kenako anati, "Nizakamba naye, ambuya, koma kumukakamiza sitingakwanise. Chitseko chanu chikhale chotsegula."

"Chitseko! Ine nifuna mwana, imwe muniuza va chitseko?"

M'mawa mwake ba Elesi anakwera minibasi mpaka ku Kabanana, kumene Emelda anali atabwerera kwa mwamuna wake. Anagogoda nyumba zoyandikana ndi ya Sydney imodzi ndi imodzi, akupempha kuti akamva kukuwa asakweze wailesi, athamangeko. Mayi wina anawayankha akuchapa, osatukula ndi mutu womwe: "Va banja sitingenamo, ambuya. Mawa bazagwirizana, ise n'kukhala boipa."

Panapita masabata atatu. Loweruka lina chakumasana, Edwell, wogulitsa makala pafupi ndi nyumbayo, ndiye anamutengera Emelda kuchipatala pa wilibala. Dokotala anati nsagwada idzalumikizika, koma khutu lakumanja linali litaphulika mkati.

Ba Elesi anafika thukuta lili kamukamu, mawu aukali atadzaza m'kamwa. Atamuona Emelda, mawu onsewo anawathawa.

"Emelda, mwanangu, nabwera."

Mtsikanayo sanatembenuke. Anangoyang'anabe kukhoma.

Ba Elesi anaitananso kawiri. Kenako anazungulira bedi pang'onopang'ono, nakayankhulira kukhutu linalo.