Mfundo za pa Mpango wa Warfa

Timiro anali atatsala pang'ono kumasula mfundo yoyamba pa mpango wa malemu mwamuna wake pamene mawu anamveka kuseri kwa mphasa.

"Ayi, Amayi! Ayi!"

Anatembenuka. Pampata wa mphasa yolekanitsa chipinda chake ndi kachisakasa ka maukonde panali diso limodzi ndi zala zitatu zowonda. Anali Sopal, msodzi wa ku Kambodiya, amene anali atakhala m'maukondemo milungu isanu ndi umodzi.

"Ayi chiyani? Zovala za malemu zigawidwa lero, ndiye ndigawe zakuda? Mwamuna wangayu wandivutitsa zaka zitatu ndi timfundo take. Mphonje zonse zinapotana ngati mchira wa mbuzi."

"Mfundo, anthu," anatero Sopal. Chilankhulo chathu anachitolera kwa alonda ake, choncho ankachidula m'zidutswa. Zala zija zinadutsa pampata n'kuyamba kukhudza mphonje za mpangowo. "Iyi Rin. Iyi Kosal. Iyi Vuthi." Anatchula mayina asanu ndi awiri. Pa yachisanu ndi chitatu, yomwe Timiro ankamasula, chala chinaima. "Iyi ine."

Pambali pake panali mphonje zitatu zazifupi, zodulidwa ndi mpeni.

"Nanga izi?"

"Anafa. Wakufa, Bambo amadula. Wopita kwawo, amamasula."

"Wamasulapo zingati?"

"Palibe."

Timiro anaimanganso mfundo ija n'kuilimbitsa ndi mano. Kenako anamuuza kuti abwereze mayinawo kawiri, pang'onopang'ono.

Sitima ya asodziwo inagwidwa ndi achifwamba a panyanja zaka zitatu zapitazo ili ndi anthu khumi ndi mmodzi. Mwini wake atamva za dipo anasiya kuyankha foni. Sitimayo inachita dzimbiri pa nangula mpaka inamira, ndipo anthuwo anawasamutsira kutchire la minga kuseri kwa chitunda. Tsiku lina masana Sopal anathawa. Anafika m'mudzi mapazi akuchucha magazi, n'kugwira mzati wa nyumba yoyamba imene anaiona. Warfa, mwamuna wa Timiro, anali pakhomo akusoka ukonde. Anaimirira, anachotsa mpango paphewa pake, n'kumufunditsa anthu akuona. Kwathu kuno munthu amene wafunditsidwa chomwecho amasanduka magazi a mwini mpango, ndipo womukhudza wakhudza fuko lonse.

Koma lonjezo lotero limaikidwa m'manda limodzi ndi mwini wake, pokhapokha wina wa m'banja alinyamule. Warfa anagwa Lolemba akupita kumzikiti, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo. Lero linali Lachitatu, tsiku lotsiriza la maliro. Dzuwa likalowa, sipakhalanso chotchinga Sopal.

Timiro anasuzumira pa katani. Pabwalo amuna anakhala pamphasa kuzungulira mbale za mpunga ndi nyama ya mbuzi. Pakati pawo panali Diriye, mwana wa Samatar mng'ono wake wa Warfa, mkulu wa anthu amene anagwira sitima ija. Anabwera tsiku loyamba, analira, ananyamula nawo mtembo, ndipo sanachokeponso. Magalimoto ake awiri anaima pachipata atayang'ana kumsewu. Pa imodzi panatsamira Gurey, wachiwiri wake, tsaya litatupa ndi masamba otafuna, mfuti ili pamiyendo. Kutali panyanja, sitima yankhondo yotuwa ya mayiko akunja inkayenda pang'onopang'ono monga inkachitira chaka chonse.

Koshin, mwana woyamba wa Timiro, analowa akupukuta m'manja.

"Amayi, zovala zija zakonzeka? Shehe akufuna kumaliza anthu asanabalalike."

"Zakonzeka. Mpango ndi wako."

Koshin anauyang'ana ngati njoka. "Mupatseni wosauka."

"Bambo ako anapangana ndi mayi wa bungwe lothandiza ogwidwa panyanja. Lachisanu akhala akudikira ku tauni ya Galkayo ndi galimoto. Chatsala n'kumuperekeza munthuyu basi. Ulendo wa masiku awiri."

"Masiku awiri pamsewu wa ndani? Ndili ndi ana anayi, Amayi. Sitolo yanga amagulamo ndani mafuta ndi shuga? Anthu omwewa. Mukufuna ndikaikidwe pambali pa Bambo sabata isanathe?" Anatsitsa mawu. "Pali njira ina. Nambala ya foni ya sitima yankhondo ija ilipo. Tiwauze kuti tili ndi munthu wawo, abwere ndi helikopita amutenge."

"Akamva phokoso la helikopita kutchire kuja, asanu ndi awiri aja awawombera isanatere. Ndipo asilikali akunja sasiyanitsa nkhope zathu. Adzawombera iwe, Shehe, ndi mbuzi zomwe. Bambo ako anakana zimenezo kalekale. Ankati amenewa timawatulutsa mmodzimmodzi, ngati minga kuphazi."

"Ndipo anatulutsa angati?"

Timiro anaweramira zovala zija n'kuyamba kuzipinda.

"Mukuona? Si m'bale wathu, sapemphera monga ife. Anzake omwewa ndi amene anasesa nsomba zathu ndi kudula maukonde a Bambo."

"Bambo ako ankadziwa zimenezo kuposa iwe, maukondewo ankasoka ndi iwo. Ukutenga kapena ayi?"

"Sinditenga."

"Chabwino. Kaitane m'bale wako."

Namfedwa sachoka panyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, ndipo mwamuna amene si wa m'nyumba salowa m'chipinda chake. Koma Diriye anali ndi ufulu wolowa. Mayi ake anamwalira iye ali ndi masiku asanu ndi anayi, ndipo anayamwa bere la Timiro, iye uku Koshin uku.

Analowa atawerama chifukwa cha kutalika, akununkha mafuta onunkhira okwera mtengo.

"Amayi, masiku atatu okha mwaonda chonchi?"

"Iwe ndiye wanenepa. Khala pansi, ukunditchingira kuwala."

Diriye anaseka n'kunjuta. Maso ake anapita pa mphasa ija. Diso lija linali litachokapo.

"Mlendo wanu akudya bwino?"

"Kuposa mmene unkamudyetsera."

"Ndamudyetsa zaka zitatu, Amayi. Iye ndi anzake. Mpunga umene uja sunagwe kumwamba. Pali anthu anaika mfuti zawo, mafuta awo, mabwato awo, ndipo akudikira. Bambo aakulu ndinawalemekeza, sindinaponde pabwalo pano milungu isanu ndi umodzi. Anyamata ankandiseka kuti ndimaopa nkhalamba. Lero maliro atha."

"Dipo silibwera. Mwini sitima anakuthawani."

"Wina adzalipira."

"Atatu afa uli pa mawu omwewo."

Diriye anaimirira. "Dzuwa likalowa, muwauze akazi achoke kumbuyoku. Sindikufuna phokoso pa nyumba ya maliro."

"Ima kaye. Malaya ako apindika."

Anawerama monga ankachitira ali mwana. Timiro anatambasula mpango uja, anauika paphewa pake, n'kuukoka kuti ukhale bwino. Kenako anaphimba nkhope yake, n'kukankha katani yonse mpaka kumapeto.

Pabwalo manja anaima m'mbale.

"Shehe Abtidon, ndi inu nonse akuluakulu," anatero Timiro mokweza. "Namfedwa salankhula pabwalo, ndikudziwa, mudzandidzudzula mawa. Mpango wa Warfa ndinapatsa mwana wanga woyamba, waukana. Ndaupereka kwa mwana wanga wachiwiri. Mukudziwa nonse amene mpango umenewu unafunditsa."

Koshin anagwetsa nkhope. Anthu onse anamuyang'ana kaye, kenako anatembenukira kwa Diriye. Pachipata Gurey analavula masamba ake.

"Bwana, akuvekani thewera!" anakuwa. Anyamata ake anaseka, koma pamphasa palibe amene anaseka.

Shehe anasamba m'manja mosafulumira, n'kupukuta chala chilichonse.

"Mwana wa Samatar," anatero, "chili paphewa pakocho ukhoza kuchivala, ukhozanso kuchiponya pansi. Ukachiponya, tonse taona. Wotaya mpango wa bambo ake pa tsiku la maliro awo wadzichotsa yekha. Ukadzapha munthu, fuko silidzalipira. Ukadzaphedwa, fuko silidzafunsa."

"Amayi, mwandichita chiyani?" Diriye ananong'ona osatembenuka.

"Yang'ana pachipata," Timiro anayankha chapansipansi. "Anyamata akowo akhala zaka zitatu osaona kanthu. Ukuganiza chimawaletsa n'chiyani kukuwombera kumsana? Nkhope yakoyo? Amaopa anthu akhala pamphasawa. Taya mpango, uone ngati ufika Lachisanu."

"Ndikauvala ndiye ndifika?"

"Zimenezo sindikudziwa."

Diriye anayang'ana pachipata. Dzanja lake linakwera n'kugwira nsonga ya mpango. Sanauchotse, komanso sanaukulunge pakhosi monga amachitira wouvomera.

"Mutulutseni," anatero.

Anyamata awiri anazungulira nyumba. Anabwera naye Sopal atamugwira m'mikono, atavala nsapato za Warfa zomwe zinkamukulira. Sanalimbane nawo. Podutsa pakhomo anayang'ana Timiro, kenako mpango, kenako pansi. Anamukweza kutsogolo kwa galimoto yoyamba, Diriye n'kukhala pa chiwongolero. Gurey ndi anzake anadumphira mu yachiwiri.

Msewu wochoka m'mudzi mwathu umagawikana kuseri kwa chitunda. Kumanzere umapita kutchire la minga, kumanja ku Galkayo. Kuchokera pakhomo la Timiro mphambanoyo sioneka. Anaona fumbi likukwera kuseri kwa chitundacho, mphepo n'kulimwaza. Anatseka katani n'kuuza akazi kuti ayambe kutsuka mbale.

Lachinayi Koshin anabweretsa shuga n'kumusiya pakhomo osalowa. Lachisanu Timiro anaika foni ya Warfa pamiyendo kuyambira m'mawa. Mayi wa bungwe uja anaimba dzuwa lili pamutu kufunsa ngati anyamuka, anaimbanso chakumadzulo, kenako foni inatha moto. Loweruka helikopita inadutsa m'mphepete mwa nyanja motsika kwambiri, mbuzi n'kubalalika. Mkazi wina wogulitsa mkaka wa ngamila ananena kuti abusa amva mfuti cha kumphambano. Wina anati zinali za ukwati. Timiro anawathamangitsa onse awiri, n'kukasesa m'kachisakasa muja. Anapezamo ukonde umene Warfa anausiya theka, Sopal atausoka mpaka kumapeto.

Lamulungu m'mawa galimoto imodzi inaima pachipata. Galasi lake lakutsogolo linali ndi mabowo awiri. Diriye anatsika yekha, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, mpango uli m'khosi. Analowa osaodira n'kukhala pansi.

Timiro anatambasula dzanja. Anagwira mphonje n'kuyamba kuziyendetsa m'zala. Mfundo zinali zisanu ndi ziwiri. Zodulidwa anaziwerenga kawiri, zinali zitatu zomwe zija. Pakati pake panali chingwe chimodzi chachitali, chathunthu, chopotanapotana pamene panali mfundo.

"Mlendo wanu anamasula yekha," anatero Diriye. "Pachitseko cha galimoto ya anthu a bungwe aja. Ndimaganiza akufuna kundipsompsona dzanja."

"Wadya?"

"Gurey watenga anyamata onse. Akuti ndagulitsa katundu wawo ndadya ndekha. Asanu ndi awiri aja awasamutsa, sindikudziwa kuti." Anapukuta kumaso. "Andifunafuna, Amayi."

"Akudziwa pamene uli. Pano ndi pa fuko lako."

Anamuthirira tiyi. Diriye anamwa theka, maso ali pa mphonje zija.

"Bambo aakulu ankatani nazo?"

"M'mawa uliwonse akamaliza kupemphera ankakhala pamwala uli pakhomopo, atayang'ana kuchitunda, n'kumazigwira imodziimodzi, milomo ikugwedera. Ine ndinkati ndi ukalamba. Ndinkawakalipira kuti akuwononga nsalu."

Diriye anatembenuza mfundo yoyamba ndi chala chachikulu.

"Uyu ndani?"

"Wawasunga zaka zitatu, mayina sukuwadziwa?"

Anapukusa mutu.

Timiro anakoka mpando wake kufupi, anagwira chala cha Diriye n'kuchikanikiza pa mfundoyo.

"Rin," anatero. "Nena."