Tsiku Limene Ndinazula Chitseko cha Mwana Wanga

Mwana wathu wamwamuna tinkamutchula kuti Wayilesi, chifukwa ali wamng'ono pakamwa pake sipankatsekeka. Mayi ake ankati ukafuna kumuzimitsa umupatse chakudya, koma ngakhale apo ankalongololabe chili m'kamwa. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi anasiya ntchito pakampani ina yosindikiza mabuku ndi makalendala, n'kubwerera kunyumba ndi chikwama chimodzi. Sanachotsedwe ayi. Abwana ake anandiimbira foni kawiri kufunsa ngati wadwala.

Ine ndine kalipentala. Shedi yanga ili kuseri kwa nyumba, ndipo benchi imene ndimapalirapo matabwa inayang'anizana ndi zenera la chipinda chake. Miyezi isanu katani ya pazenerapo inali chitsekere. Ankadzuka masana, kulowa kubafa, nthawi zina osasamba n'komwe, n'kubwerera kukagona. Chakudya chimene mayi ake ankamusiyira pakhomo chinkabwerera atangonyomolako pang'ono.

"Mwanayu akudwala," anatero mkazi wanga tsiku lina akutsuka mbale.

"Akudwala pati? Mutu? M'mimba? Wodwala amaloza pamene pakumupweteka."

"Inu mpaka muone bala."

"Uwu ndi ulesi, ndipo amene mukuulera ndinu."

Kuyambira tsikulo chakudya changa ndinkachipeza patebulo chili chovindikira, iwo atadya kale kukhitchini.

Sindinganene kuti sindinaone chilichonse. Tsiku lina ndinamukakamiza kubwera kushedi kuti adzandigwirire thabwa. Anabwera, n'kugwira. Ndili mkati mocheka ndinaona madontho akugwera pathabwapo. Nditakweza mutu, misozi inali ikungotsika, nkhope ili phee, osasisima.

"Utuchi wakulowa m'maso?" ndinamufunsa.

"Eya, bambo."

Ndinkadziwa kuti si utuchi. Ndinamuuza kuti akasukusule, ine n'kupitiriza kucheka.

Kenako ndinamupezera ntchito kwa mnzanga wina amene amagulitsa penti ndi misomali. Tinagwirizana kuti mwanayo akaonekere Lolemba nayini koloko. Mayi ake anamusitira malaya oyera, iye n'kulandira, n'kunena kuti apita. Lolemba nayini inakwana chitseko chili chotseka. Teni itadutsa mnzanga uja anaimba foni.

"Achimwene, bwana wamng'ono uja akubwera, kapena timutumizire galimoto?"

Ankangoseka, koma ine manyazi anandigwira mpaka makutu kutentha. Ndinapita kukagogoda. Zii. Ndinagwedeza chogwirira, chinali chokiya. Chitseko chimenecho ndinakhoma ndekha, chinkatsegukira kunja, ndipo mahinjesi ake anali mbali yanga. Ndinakatenga hamala ndi msomali waukulu. Mkazi wanga anandigwira mkono.

"Bambo a ana, musachite zimenezo."

"Nyumba ino ndi yanga. Mulibe wobisala muno."

Ndinagogoda mapini a mahinjesi onse atatu mpaka anatuluka, n'kunyamula chitseko.

Ndinkayembekeza kumupeza atafunda bulangete. Ndinamupeza atakhala pansi, msana atatsamira bedi, atavala malaya oyera aja, mabatani onse atamanga mpaka pakhosi. Nsapato imodzi inali kuphazi, ina m'manja. Tsitsi anali atapesa.

"Ndayesa, bambo," anatero osandiyang'ana. "Kuyambira sikisi ndili pano. Miyendo ikukana."

Pamenepo ndi pamene ndikanaika chitseko pansi n'kukhala naye pasimentipo. Ndaganizapo kambirimbiri. Koma chitseko chinali kale m'manja mwanga, mkazi wanga akundiyang'ana, ndipo sindinafune kuoneka ngati munthu wolakwa. Ndinatuluka nacho n'kukachitsamiritsa kushedi, pakati pa matabwa.

Nditabwerera ndinapeza mayi ake akukhomera nsalu ya pabedi pafelemu ya chitseko ndi hamala yanga yomwe ija.

"Mwachiona chimene mumafuna kuona?" anandifunsa, maso ali pamsomali.

Masiku atatu mwanayo anagona atayang'ana kukhoma. Mphepo ikakankha nsalu ija, aliyense wodutsa pakolido ankamuona msana. Ine ndinkadutsa mofulumira.

Lachinayi kunabwera mlongo wake, mwana wathu woyamba, amene ndi mphunzitsi. Mayi ake anali atamuimbira foni. Analowa m'chipindamo n'kukhalamo ola lathunthu, kenako anabwera kushedi, choko chikadali m'zala.

"Bambo, ndamutenga. Akakhala kwathu."

"Osandifunsa?"

"Pepani, koma sindinabwere kudzapempha."

Chibadwire mwana ameneyu anali asanandiyankhepo chotero. Ndinawaona akutuluka pageti, mphunzitsiyo atanyamula chikwama, Wayilesi akutsatira pang'onopang'ono ngati nkhalamba.

Patatha sabata ziwiri mphunzitsiyo anabweranso. Anakhala pampando umene ndinali ndisanaupake vanishi, n'kundiuza kuti anapita ndi Wayilesi kuchipatala. Adokotala anati ndi matenda ovutika maganizo, amene amagwira anthu ambiri, ndipo ali ndi mankhwala ndi uphungu wake. Kenako anatsitsa mawu.

"Anamufunsa ngati anaganizapo zodzipha. Anavomera."

Ndinaika pansi pulena yopalira matabwa. "Masiku atatu aja?"

"Kuyambira kale. Koma masiku atatu aja kwambiri."

Chitseko ndinakachibwezeretsa masana omwewo. Mkazi wanga anandigwirira kuti chisagwe mpaka pini yomaliza inalowa. M'chipindamo simunabwererenso munthu.

Papita zaka ziwiri tsopano. Mwanayo akukhala yekha m'kachipinda pafupi ndi kwa mlongo wake, ndipo amagwira ntchito theka la tsiku pashopu yojambula mapepala. Masiku ena amakhala bwino, masiku ena ayi. Mayi ake amapitako Loweruka lililonse. Ine zinanditengera chaka ndi miyezi kuti ndiwatsatire, ndipo ndinapita ndekha, mkati mwa sabata.

Anandilandira bwino. Anandipatsa mpando umodzi umene ali nawo, iye n'kukhala pabedi. Anandifulira tiyi n'kundifunsa za mayi, za msana wanga, za ntchito. Anali ndi ulemu wonse umene munthu amapereka kwa mlendo wachikulire. Mawu amene ndinakonza m'basi anandithawa onse, n'kutsala ochepa.

"Tsiku lija ndinalakwa, mwana wanga. Ndi tsiku la utuchi lomwe."

Anaika kapu yake pansi.

"Ndamva, bambo."

Sananene kuti palibe kanthu, ndipo sindinamufunse kuti anene. Tinamaliza tiyi. Anandiperekeza mpaka pokwerera basi, manja ali m'matumba. Basi itayandikira, anayankhula akuyang'ana kumsewu.

"Lachitatu likubwerali ndikukaonana ndi adokotala. Achemwali adzakhala akulembetsa mayeso. Ngati mudzakhale ndi mpata."

"Nthawi yanji?"

"Teni."

Lachitatu ndinatseka shedi, kabati ya kasitomala ili yosatha, ndipo ndinafika kuchipatalako hafu eyiti. Ndinakhala pabenchi ya panja mpaka ndinamuona akulowa pageti. M'chipinda cha adokotala analowa yekha. Ine ndinatsala ndi jekete lake pamiyendo, kumudikira.