Diso Lamanzere la a Kamtedza

Elube analota ali m'sitolo ya makamera ku Limbe, atanyamula kamera imene anakhala akuisirira kwa zaka zitatu. Inali ya fulufulemu, zija zimatenga chithunzi chonse osadula m'mbali ngati yakale ya ku situdiyo kwake ku Balaka. Inali yofunda ngati yangochoka m'manja mwa munthu wina.

Wogulitsa m'sitolomo anali bambo ake, a Kamtedza, amene anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anavala jekete lawo lotuwa, buluku atalipana m'miyendo ngati angotsika panjinga. Elube sanadabwe. Anawapatsa moni, iwo nayankha, ndipo anamuuza kuti kamera yopanda lenzi ndi yakhungu. Patebulo anali atayala malenzi atatu pansalu yoyera.

A Kamtedza anajambula anthu m'midzi yonse ya ku Balaka, pamaukwati, paubatizo ndi pa zithunzi za ziphaso, koma iwo sanajambulidwepo. Nthawi zonse ankakhala kuseri kwa kamera. Tsiku la maliro awo panalibe chithunzi choika pabokosi. Ngakhale m'malotomo, Elube akawayang'ana ankaona jekete, manja ndi makutu, koma nkhope inali ngati ili kuseri kwa galasi lokutidwa ndi nthunzi.

"Undijambule," anatero a Kamtedza. "Mwayi wake ndi umodzi wokha."

Elube anayamba ndi lenzi yaifupi, yolembedwa nambala 35. Atangosuzumira, makoma a sitolo anasunthira kutali, ndipo onse amene bambo ake anawajambulapo analowa n'kuima pambuyo pawo: akwati atavala zoyera, ana asukulu, azimayi a kwaya, madoda atagwira zipewa pamtima. Nkhope ya a Kamtedza inachepa ngati kambewu ka nyemba. Lenziyo inapepesa mwaulemu, n'kunena kuti iyo sitha kusiya munthu aliyense panja.

Anaichotsa n'kuika ya 50. Khamu lija linatuluka mwakachetechete, koma nthunzi ija inali pomwepo. Bambo ake anamuuza kuti imeneyo imaona monga momwe amaonera mwini wake, choncho sikanamuonetsa chimene iye anaiwala.

Inatsala yaitali, ya 85, yolemera ngati mwala wam'madzi. Ataisuzumira anaona batani limodzi la jekete litadzaza chithunzi chonse, ulusi uliwonse ukuoneka bwino. Anamvetsa kuti lenzi imeneyi imafuna wojambula atalikire.

Anabwerera chambuyo kamodzi, kolala inaoneka. Anabwereranso, chibwano chinalowa, chili ndi chipsera chaching'ono. Atabwerera kachitatu, zidendene zake zinagunda pakhomo. Anacheuka. Kunja kunalibe msewu wa ku Limbe. Kunali mtsinje wa Rivirivi, wodzaza, ukuyenda popanda phokoso, ndipo pamwamba pake pankayandama zithunzi zakale zambirimbiri.

"Ababa, malo atha," anatero Elube.

"Ukatuluka pakhomopo sudzalowanso muno," anayankha. "Koma ukaima pomwepo undidula mutu."

Elube anaima kanthawi. Mkatimo akanatha kukhala nawo, kumamva mawu awo, mwinanso kuwagwira dzanja. Kenako anaponda m'madzi. Anali ozizira, ndipo anamufika m'maondo.

Pamenepo mashelefu ndi makoma anasungunuka n'kukhala kuwala kofewa, ndipo panatsala nkhope yokha. Anaona mpata wa pakati pa mano. Anaona mphuno yofanana ndi yake. Diso lamanzere linali laling'ono kuposa linzake, chifukwa chotsinzina zaka zonse zija. Chala chake chinali pabatani koma sanadine, poti ankadziwa kuti akadina zonse zitha. Madzi anakwera mpaka m'chiuno, iye akungoyang'ana.

"Jambula, mwanangu. Khosi latopa."

Anadina.

Anadzidzimuka ali m'basi, dzuwa lili paliwombo, akuyandikira pa Zalewa. Ku Limbe kumene ankakagula kamerayo kunali kudakali kutsogolo. Anatulutsa foni n'kuimbira amayi ake, ndipo asanawapatse n'komwe moni anawafunsa kuti ndi diso liti la ababa limene linali laling'ono.

Elube anamva amayi ake akutsitsa wailesi.

"Lamanzere," anatero. "Wawaona?"

Elube anavomera. Amayiwo sanafunse kuti wawaona kuti. Anangoti bambo akewo ankayenda ndi chipeso m'thumba chopesera anthu asanawajambule, koma mutu wawo ankauiwala tsiku lililonse.

"Nanga lero anapesa?"

Elube anatsinzina kuti aonetsetse. Nkhope ija inali pomwepo, yathunthu.

"Ayi, amayi. Sanapese."

Amayi ake anaseka pang'ono, kenako kusekako kunasanduka kulira. Elube sanadule foni mpaka basi inawoloka mlatho.