Seneta Wonunkha Khola

Ndinaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ya m'tauni mwathu, ku Kalinowiec, zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo mawu akuti seneti ndinkawatchula kamodzi kokha pachaka. Buku la boma linali ndi mzere umodzi: inali nyumba ya malamulo ya anthu olemera, ndipo mu 1946 anthu anavota kuti ithe. Zoti mavoti a chaka chimenecho anabedwa, wachikulire aliyense ankadziwa, koma zinali zonong'onezana kukhitchini chitseko chili chotseka.

Mu Epulo 1989 wailesi inalengeza kuti boma lagwirizana ndi bungwe la ogwira ntchito. Seneti ibwerera, mipando zana limodzi, ndipo aliyense ali ndi ufulu wopikisana. Chigawo chathu chinayenera kusankha maseneta awiri. Kunatsala masabata asanu ndi atatu basi.

Ife a komiti ya nzika tinkakumana m'chipinda chapansi pa tchalitchi. Munthu woyamba tinamupeza msanga, loya wina wa mumzinda waukulu. Vuto linali wachiwiri, chifukwa chigawo chathu n'cha alimi, ndipo mlimi savotera munthu amene sanamuonepo atadetsa nsapato. Ine ndi amene ndinatchula dzina la Apolonia Strzałko, dokotala wa ziweto. Poti ndinalitchula ndine, anandituma ndine.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akutsuka jombo pampopi. Anali mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wamfupi, wa manja ngati a mwamuna wosula zitsulo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Aphunzitsi Sowa, mwamwa chiyani m'mawa muno?" anandifunsa. "Ine seneta? Tasenderani kuno mundinunkhize kaye."

"Fungo limenelo ndi limene tikufuna, adokotala. Khola lililonse m'chigawo muno mwalowamo."

"Seneti ndi ya mabwana a zipewa zazitali. Si mmene mumaphunzitsira ana athu?"

Ndinawauza zimene sindinkaphunzitsa. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe, dera lathu linatumiza kuseneti mlimi, Onufry Gałązka wa ku Wola Gliniana, munthu wa mahatchi awiri ndi ana asanu ndi mmodzi. Ankapita ku Warsaw atanyamula buledi ndi mafuta a nkhumba m'chikwama, ndipo mlatho wa pamtsinje wathu anaumenyera ndi iye.

"Ndiye anathera kuti?"

"Asilikali anamutenga nkhondo itangoyamba. Sanabwerenso."

"Zikomo kwambiri, aphunzitsi. Mwandilimbitsa mtima kwabasi."

Anandithamangitsa ndi madzi a mumpopi. Patapita masiku atatu anabwera okha kusukulu, n'kuima pakhomo la kalasi ana akuyang'ana.

"Galimoto yanu ija imayendabe?"

"Ikakankhidwa."

"Chabwino. Inu muziyendetsa, ine ndizikankha."

Amene tinkamuopa pa opikisana nawo onse anali Zenon Karwat, mkulu wa fakitale ya shuga, munthu wa chipani cholamula. Sanali munthu woipa mtima. Anamangitsa nyumba za antchito ake, ndipo ankadziwa kuyankhula. Zithunzi zake zamitundumitundu zinali pamtengo uliwonse, ndipo pamisonkhano yake ankagawa soseji yotentha, nthawi imene nyama inkasowa ndipo tinkagula mwa muyezo ndi khadi la boma. Ife zithunzi zathu zinali zakuda ndi zoyera, zomata ndi phala la ufa wa tirigu, ndipo mbuzi zinkazinyambita.

Ntchito yaikulu inali kuphunzitsa anthu kavotedwe. Papepala panali mayina ambiri, ndipo munthu ankayenera kudula ndi cholembera dzina lililonse limene sakulifuna, n'kusiya awiri okha. Anthu anazolowera kulandira pepala n'kuliponya m'bokosi osaliwerenga. Mayi Apolonia ankafotokoza mwa njira yawo.

"Zili ngati kupatulira karoti," ankatero. "Zulani zonse, musiye ziwiri zonenepa."

"Nanga akadziwa kuti ndadula dzina la bwana?" mlimi wina anafunsa.

"Kuli katani, achimwene. Lowani kuseri kwa katani. Inaikidwa kuti muzilowako, osati kuti iziuma fumbi."

Lamlungu lomaliza la mwezi wa Meyi, Misa itatha, panali mtsutso m'holo ya ozimitsa moto ku Wola Gliniana. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Bambo Karwat anayamba, ndipo anayankhula bwino ndithu: za matani a shuga, za msewu watsopano, za kuopsa kopereka dziko kwa anthu osadziwa kuyendetsa zinthu. Ine pansi pamtima ndinkaona kuti tagonja. Mayi Apolonia anali ndi kapepala kamene ndinawalembera.

Atangoimirira, chitseko chinatseguka mwamphamvu. Analowa Błażej Kuna, mlimi wa kumapeto kwa mudzi, malaya ali mbuu ndi udzu.

"Adokotala! Malina wanga akufa! Mwana watulutsa mwendo umodzi, wakanirira kuyambira m'mawa!"

Malina inali ng'ombe yake, imodzi yokhayo. Mayi Apolonia anayang'ana kapepala, anayang'ana anthu, kenako anandipatsira kapepalako.

"Pepani nonse. Mawu angadikire, ng'ombe singadikire. Aphunzitsi, chikwama changa chili m'galimoto."

Akutuluka, Bambo Karwat anaseka n'kutambasula manja.

"Mwaona, abale anga? Ku Warsaw azikatulukanso pakati pa zokambirana ng'ombe ikalira!"

Ena anaseka. Koma kutsogolo kunaimirira gogo wina wamtali, wa ndodo, amene ndinkamudziwa bwino: Genowefa, mwana wamkazi wa seneta Gałązka uja.

"Bambo Karwat," anatero mosakweza mawu, "ameneyu tikamuitana amabwera. Inu tinakulemberani kanayi za madzi oipa a fakitale yanu amene amalowa mumtsinje. Mwabwera lero, ndi soseji."

Anatembenuka n'kuyamba kutuluka, ndodo ikugogoda pansi. Anthu a pabenchi lake anamutsatira, kenako benchi lachiwiri. Pasanathe mphindi zisanu holo yonse inali pamsewu, ya zovala za kutchalitchi, ikulowera kwa Kuna.

Zinatenga pafupifupi ola. Anthu anazungulira khola, ana atakwera pampanda. Mayi Apolonia anavula jekete, anakwinya malaya mpaka paphewa, anabwezera mwendo uja mkati, n'kumutembenuza mwana wa ng'ombeyo pang'onopang'ono, akuyankhula ndi Malina ngati mnzawo. Kenako anamanga chingwe n'kuitana amuna awiri.

"Kokani ndikanena. Osati ngati mukuzula chitsa, iwe Błażej, ndi mwana ameneyu! Tsopano!"

Thole linagwera paudzu, lonyowa, losapuma. Adokotala analichotsa zonanda m'mphuno, analipukuta mwamphamvu ndi udzu, ndipo linayetsemula. Phokoso limene linabuka pamenepo, agalu a mudzi wonse anayamba kuuwa.

"Tiyankhuleni tsopano, adokotala!" wina anakuwa.

Anaima pakhomo la khola, manja ali magazi, siketi yothimbirira.

"Zimene anandilembera aphunzitsi ndaiwala," anatero. "Ine ndikudziwa izi. Mankhwala a ziweto kulibe. Mkaka wanu a boma amagula pamtengo umene akufuna iwo. Ana anu akuthawira m'mizinda. Sindikulonjeza kuti ndikonza zonse. Koma ndikanama, mukudziwa kumene ndimakhala, ndipo pakapita zaka mudzandidule dzina ngati mmene mudulire ena Lamlungu likubwerali. Chachikulu n'chimenecho. Cholembera chikhale m'manja mwanu."

Nkhani imeneyi inayenda m'chigawo chonse kuposa zithunzi zathu. Pofika Lachitatu, ku msika wa m'tauni ankanena kuti anali mapasa.

Pa 4 Juni ndinali woyang'anira m'malo mwa komiti yathu pamalo ovotera a ku Wola Gliniana. Gogo Genowefa anafika woyamba, atavala diresi lakuda la kolala yoyera. Anakana cholembera cha pamalopo.

"Ndabwera ndi changa, mwanawe. Chinali cha bambo."

Anakhala kuseri kwa katani nthawi yaitali, ndipo tonse tinkamva kukwekwesa kwa cholembera, mzere ndi mzere. Tsiku lonse phokoso linali lomwelo. Anthu ankaima pamzere wa kukatani ngakhale bokosi linali poyera, ndipo ankatuluka nkhope zili gwaa ngati achoka kolapa.

Lolemba m'mawa tinasonkhana mu ofesi ya komiti, kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsapato. Lamya inali imodzi. Mtsikana wathu wa pa lamya, Jadwiga, ankatchula manambala, ine n'kumalemba pabolodi imene ndinabwereka kusukulu. Mudzi woyamba tinapambana, tinati mwina ndi mwayi. Wachiwiri, wachitatu, wachikhumi. Kenako Jadwiga anaphimba lamya ndi dzanja.

"Aphunzitsi, awa ndi a kunyumba za antchito a fakitale ya shuga."

"Nena, tamva kale zabwino zokwanira."

"Strzałko, mazana asanu ndi atatu mphambu khumi ndi awiri. Karwat, mazana awiri mphambu anayi."

Choko chinandithyokera m'manja. Munthu wina anatsegula windo n'kukuwira mumsewu, ndipo anthu a pamzere wa buledi anayamba kuwomba m'manja. Pofika masana zinadziwika: mwa anthu khumi alionse, asanu ndi awiri anasiya dzina la Apolonia Strzałko osalidula, ndipo loya wathu naye anadutsa. Amuna akuluakulu ankalira osabisa nkhope. Wogulitsa nsapato anakwera ndi botolo limene ankasungira ukwati wa mwana wake.

Mwini nkhani panalibe. Tinawapeza pafamu ina kunja kwa tauni akubaya nkhumba katemera. Tinafika magalimoto asanu, mahutala akulira.

"Aseneta!" ndinakuwa ndisanatsike n'komwe.

Anaweramuka, jakisoni ali m'manja. Anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, kenako anakhala pansi pa chidebe chovundikira.

"Zoona, aphunzitsi? Awerenga bwinobwino?"

"Tinawerenga nawo. Palibe pepala limene linatidutsa."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Zatsala nkhumba zinayi," anatero. "Gwirani miyendo, mwabwera ambiri."

Chisankho chachibwereza chitatha m'zigawo zina, tinamva kuti pa mipando zana limodzi, anthu a makomiti a nzika atenga yonse kupatula umodzi. Mu Julayi tinawaperekeza Mayi Apolonia kusiteshoni, gulu la malipenga la ozimitsa moto likuimba mosokonekera koma mwamphamvu. Tsiku lolumbira tinadzazana mu ofesi ija kuonera pa kanema. Anaoneka kanthawi kochepa chabe, atavala suti yobwereka kwa mng'ono wawo, akunena mawu amodzi olumbirira. Jadwiga anapsompsona galasi la kanemayo.

Loweruka lotsatira Mayi Apolonia anabwerera, ndipo analengeza kuti Loweruka lililonse azilandira anthu m'kachipinda komweko. Mzere unatsika masitepe mpaka mumsewu. Munthu wachisanu ndi chiwiri pamzerewo anali Zenon Karwat, chipewa chili m'manja. Palibe amene anamupatsa malo kuti adutse, ndipo iye sanapemphe.

Nthawi yake itakwana analowa n'kuima pakhomo.

"Aseneta, ndabwera kudzakuyamikirani. Komanso fakitale ilibe mabogi a sitima onyamulira mbewu chaka chino. Anthu mazana asanu ndi limodzi angakhale pansi opanda ntchito."

"Khalani pampando, Bambo Karwat," anatero Mayi Apolonia akutsegula kope. "Za mabogi ndikazinena Lachiwiri. Tikatha zimenezo tikambirane za mtsinje. Aphunzitsi, tawapatseni tiyi."