Kumeta Mutu wa a Dazi

Ndameta anthu moyo wanga wonse, ndipo ndikuuzeni kuti munthu akakhala pampando wa wometa amasanduka mwana. Ukamuuza kuti awerame amawerama, ukamupotoza khosi amapotoka, kaya ndi bwana wa kuti. Ena amagona tulo, dovu chuchuchu pathawulo. Ena amayamba kuulula za m'banja mwawo osafunsidwa, mwina chifukwa wometa amaima kumbuyo, sawayang'ana m'maso.

Masiku amenewo anapita. Anyamata anatsegula mashopu awo kufupi ndi msika, magalasi khoma lonse, nyimbo zogonthetsa m'khutu, ndipo makasitomala anga anayamba kuzimiririka mmodzimmodzi. Amenewo sindinawadandaule kwambiri. Chimene chinandidya mtima ndi dzanja langa lamanja, lomwe linayamba kunjenjemera palokha. Kapu ya tiyi ndinkaigwira ndi manja awiri. Ndinkadziwa bwinobwino kuti wometa wonjenjemera ndi chigawenga, koma ndikanatseka shopu ndikanapita kuti? Kunyumba kunali mipando iwiri, ndipo wina unalibe mwini chimwalirire mkazi wanga. Mwana wanga wamkazi ankaimba foni mwa apo ndi apo.

"Bambo, isiyeni ntchitoyo mupume."

Kupuma kwanji, koyang'anizana ndi khoma?

Kasitomala amene ananditsalira anali mmodzi, a Dazi, mkulu wina amene kale ankayendetsa mabasi. Dzina lawo lenileni ndinaliiwala, nawonso sankaoneka kuti akulisowa. Pamutu pawo panali posalala kuti see, katsitsi kanangotsala kuseri kwa makutu ndi kunkhongo. Loweruka lililonse m'mawa ankatulukira atavala jekete yawo yotuwa, n'kukhala pampando mwaulemu ngati alowa m'tchalitchi.

"Lero tipange sitayilo yanji, achimwene?" ndinkawafunsa.

"Yomwe ija. Koma musachepetse kwambiri pamwambapa."

Tinkaseka nthabwala yomweyo sabata ndi sabata, ndipo sinkasukuluka. Ndinene poyera, ndinkatsegula shopu masiku onse enawo, kusesa pansi popanda tsitsi, kupukuta galasi lopanda wodziyang'anira, pongodikira Loweruka. Mantha anga anali amodzi: a Dazi akadzazindikira za dzanjali adzapita kwa anyamata aja, ine n'kutsala wopanda chondidzutsira m'mawa.

Ndiye ndinapeza nzeru. Makina ometera amanjenjemera okha, choncho dzanja lowagwira silidziwika ngati nalonso likunjenjemera. Ndinkawayatsa, n'kumawayendetsa m'mwamba pang'ono osakhudza khungu, pamene dzanja lamanzere lili pamutu pawo, kuwaweramitsa uku, kuwatembenuza uko. A Dazi ankatsinzina, ali phee. Pomaliza ndinkawapaka sipiriti, kuwasasa pakhosi, iwo n'kudziyang'ana pagalasi, n'kugwedeza mutu. Tsitsilo silinkakula, ndipo ine ndinkangoti mwina tsitsi la nkhalamba nalo limatopa.

Loweruka lina magetsi anazima a Dazi atangokhala pampando. Ndinadina makina aja, zii. Thukuta linayamba kunditsika kumsana.

"Achimwene, lero zativuta. Mubwere sabata yamawa."

"Ndafika kale," iwo anatero. "Sindikuthamangira kulikonse."

Popanda phokoso la makina m'shopumo munali zii, moti ndinkamva njinga zikudutsa pamsewu. Ndinatsegula zenera kuti muwale, n'kuima kumbuyo kwawo osadziwa chochita ndi manja anga. Apo m'pamene ndinaona kuseri kwa khutu lawo timabala titatu tatsopano, tochekedwa ndi lezala. Kunkhongo nako kunali kometedwa mokhotakhota, ngati wadutsapo mwana ndi khasu.

Magazi anandiwira. Munthu ndimamudikira sabata yathunthu, chonsecho akukametetsa kwina!

"Ndani wakumetani?"

Anangondiyang'ana pagalasi.

"Ndikufunsa, ndani wakuchekanichekani chonchi? Ndi ana a kumsika aja eti? Ndiye kuno mumadzatani, kudzandiseka? Ngati mwapeza ometa abwino pitani konko, achimwene, ine sindipempha mutu wa munthu!"

Ndinalankhula zambiri, zina zosabwerezeka. Mwaukali womwewo ndinatsegula kabati n'kutulutsa lezala, yomwe ndinali ndisanaigwire kwa nthawi yaitali. Ndinkafuna ndiwaonetse mmene mmisiri amawongolera mzere. Koma lezalayo inkavina m'dzanja langa, ndipo tonse awiri tinkaiona pagalasi.

A Dazi anatulutsa mkono pansi pa nsalu yomwe ndinawafunditsa n'kundigwira pamkono.

"Ikani pansi, amisiri."

"Ndisiyeni."

"Ikani pansi. Palibe mnyamata wandimeta. Ndimadzimeta ndekha Lachisanu, ndi kagalasi kosweka. Kunkhongoko sindionako, n'chifukwa chake kuli choncho."

Ndinaika lezala ija pashelefu.

"Munayamba liti?"

"Pomwe makina anu anasiya kundikhudza. Ine ndayendetsa mabasi mpaka kukalamba, ndimadziwa kunjenjemera kwa injini, ndimadziwanso kwa munthu." Anakhosomola pang'ono. "Ndinaona kuti tsitsi likakula mudzachita manyazi, mudzatseka. Ndiye ndinkabwera nalo lometameta."

Manyazi anandigwira, koma chisoni chinaposa manyaziwo. Ndinawafunsa chimene ankavutikira kuyenda mtunda wonsewo ngati kumeta ankamalizira kunyumba.

Anayang'ana pansi. "Ana anga ali kutali, amatumiza moni pafoni. Anthu apanyumba pomwe ndimachita lendi ndi abwino, amandipatsa moni ataima patali. Kuchipatala nako adokotala amavala magolovesi." Anaseka, koma kusekako sikunapite patali. "Sabata yonse, amisiri, munthu amene amandigwira ndi dzanja lake ndi inu nokha."

Ndinafuna kunena kanthu koseketsa, poti ndi mmene amuna awiri okalamba amathawira zinthu zotere, koma ndinaleka. Ndinawakonzera nsalu ija paphewa, n'kuimanga bwino kumbuyo. Ndinanyowetsa thonje ndi sipiriti, ndinapukuta timabala tija kamodzikamodzi. Iwo anatsinya nkhope chifukwa cha kuwawa, osadandaula.

Kenako ndinaika dzanja lamanzere padazi pawo monga mwa masiku onse. Panali pofunda. Lamanja ndinalibisa kumbuyo, poti linalibenso makina olibisa.

A Dazi anatsegula diso limodzi n'kundiyang'ana pagalasi.

"Linalo lili kuti?"

"Likunjenjemera, achimwene."

"Ndikudziwa. Liikeni."

Ndinaliika. Linanjenjemera pamutu pawo mmene linkafunira, ndipo iwo anatsinzinanso, n'kutsamira kumpando. Tinakhala choncho mpaka dzuwa linafika pakhomo.