Khoswe wa Fiyu ndi Mbewa ya Pilya

Ababa anga, a Bento, anagwa pakhonde nthawi ya dowe, mbali yonse yakumanja n'kufa. Pakamwa panachira msanga, zimenezo musakayike, munthu woti wakhala katekisita zaka makumi atatu sangasowe mawu. Mwendo unabwerera pang'ono, wokoka. Koma dzanja linangofumbata ngati labisa mtedza, ndipo iwo analilowetsa m'thumba la kazako, ndiye jekete yawo, n'kuliiwala momwemo.

A Marita, anamwino a pachipatala chathu kuno ku Chifunde, sanabise mawu. Anati dzanja limeneli likapanda kugwira ntchito miyezi ino liuma, ndipo likauma lauma basi. Anatipatsa kampira koti azifinya. Ababa anakayang'ana kampirako n'kufunsa ngati a Marita awaona akukwawa. Ndinayesa kuwathirira nyemba m'lichero kuti azisankha, iwo akuti ntchito imeneyo sanaigwirepo manja ali awiri, ndiye ayambe lero?

Ine Luísa ndi amene ndimakhala nawo, ndipo mtima wanga ndi wapachala, anthu onse a kumsika angakuuzeni. Tinkakangana m'mawa, tinkakangana masana. Koma kunena zoona ndinkachita mantha. Dzanja limenelo ndi lomwe linandinyamula ndili kamwana pamene tinkathawa nkhondo kupita ku Malawi, ndipo sindinkafuna kuliona likuuma ine ndikuyang'ana.

Mwezi wachitatu kunabwera Mano Ivo, mlongo wanga wamkulu amene amagwira ntchito ku Tete. Anabwera ndi komputadore yawo yakale, akuti ndiziphunzirirapo kulemba. Kulemba kwake sikunachitike. Tsiku lomwelo anaiika pameza, tebulo lathu lapabalaza, n'kuyamba kusewera jogu ya timipira: timipira tamitundumitundu timatsika kuchokera pamwamba, iwe n'kumaloza ndi kuwombera, titatu tofanana tikakumana timaphulika, phwa. Tikafika pansi usanatimalize, wagonja.

Ababa anali atakhala pakadera, mpando wawo, kumbuyo, akulamula.

"Kofiirako, kumanzere. Kumanzere ndati. Kodi iwe umaona ndi chiyani? Sukulu yonse ija?"

Mano atatopa anakokera kadera ya Ababa pafupi, anatulutsa dzanja lija m'thumba osapempha n'komwe, n'kuliika pa kachinthu kolozera. Dzanja lofumbatalo linakwana bwinobwino pamsana pake. Chala cha mkombaphala chinanjenjemera, chinaganiza, chinaganizanso, kenako chinadina. Kampira kanapita kolakwika, koma kanapita.

"Dzina lake n'chiyani aka?" anafunsa Ababa.

"Ratu," anatero Mano.

Ababa anapukusa mutu. Anati Chiputukizi ndi chinenero chaulesi, nyama ziwiri dzina limodzi. Kwathu kuno wa m'nyumba ndi khoswe ndipo sadyedwa, ya kumunda ndi mbewa ndipo ndi ndiwo. Anagwira fiyu, chingwe cha kachinthuko, ndi dzanja lamanzere n'kuiyeza kutalika. "Mchira wonsewu, komanso sachoka m'nyumba. Ameneyu ndi khoswe."

Mano anabwerera ku Tete, khoswe anatsala. Dzuwa likangomenya painelo ya sola padenga, Ababa anali atakhala kale pameza. Amayi a m'bungwe la kutchalitchi akabwera kudzawapempherera, a katekisita omwe kale ankatichedwetsa ndi mapemphero mpaka mawondo kuchita dzanzi ankayankha ameni amayiwo asanamalize. A Marita atabwera kudzawaona anapeza zala ziwiri zatambasuka, ndipo anandiuza kuti chilichonse chimene tikuchitacho tisasiye.

Titakolola tinaunjika matumba a chimanga pabalaza pomwepo, makoswe enieni n'kumva fungo. M'mawa wina tinapeza fiyu yadulidwa pawiri, tizingwe tam'kati tili pamtunda. Ababa anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti adyana pachibale.

Kumsika kwathu mupeza matelefoni, mawailesi, mabatire amene timati mapilya, ngakhale magalasi a dzuwa, koma ratu mumufuna mpaka madzulo. Ndinaimbira Mano.

"Ndigula wa semfiyu, wopanda chingwe," anatero. "Osewera enieni masiku ano akugwira amenewo."

"Osewera enieniwo ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, Mano?"

"Tamvera kaye, Luísa. Fiyu imakoka, imakola pakona ya meza. Dzanja la Ababa ndi lofooka, lisamalimbanenso ndi chingwe. Ndiponso makoswe akowo adyapo chiyani?"

"Akhala anga tsopano? Nanga pilya ikatha jogu ili pakati? Komanso opanda chingwewo amachedwa kumva, udina lero iye amva mawa."

Zimenezi ndinazimva kwa a Stélio, aphunzitsi a makomputadore kusekondale. Iwo anawonjezera kuti ochedwawo anali akale, atsopano amamva bwinobwino, koma mawu amenewo ndinawasiya kusekondale komweko. Mano anaseka n'kunena kuti ndifunse eni ake. Ababa anati wogula ndiye adziwa, iwo akungofuna timipira tawo tisafike pansi. Kunena chilungamo, chifukwa chenicheni ndinalibe. Chinkandiwawa n'choti munthu ali ku Tete azilamula za pameza imene ndimapukuta ine.

Patapita masiku anayi dalaivala wa shapa, minibasi yochokera ku Tete, anatula kabokosi. M'katimo munali kanthu kakuda, kosalala, kopepuka, ndi kachidutswa konga njere ya chimanga kolowetsa m'mbali mwa komputadore. Ababa anakatembenuza uku ndi uku, kufunafuna mchira.

"Uyu si khoswe," anatero. "Iyi ndi mbewa, ya kutchire. Uisamale, imathawa."

Tsiku loyamba lomwelo Ababa anaposa pamene Mano ankalekezera pa jogu ija, ndipo anandiumiriza kuimba telefoni kuti mwini wake adzimvere yekha. Dzanja linkayenda momasuka, palibe chokoka, palibe chokola. Mano anandifunsa ngati mbewayo ikumva lero kapena mawa. Ndinanena kuti ndiwo zikupserera.

Koma panali chinthu chimene tonse atatu sitinachiganize. Dzanja la Ababa likatopa limangotaya chimene lagwira osatsanzika. Nthawi ya khoswe sitinkadziwa n'komwe, chifukwa akagwa ankalendewera pa fiyu yake m'mbali mwa meza, iwo n'kumuwedza ndi dzanja lamanzere mwakachetechete. Mbewa ikagwa inkatsetsereka pasimenti mpaka kunsi kwa kabati, ndipo Ababa kuwerama sangathe.

"Luísa."

Ndili kumoto.

"Luísa, yathawa."

Ndikusesa pabwalo.

Tsiku lina anandiitana kasanu ndi kawiri dzuwa lisanafike pamutu. Ulendo womaliza ndinali ndikuchapa. Ndinalowa thovu lili m'manja, ndinagwada, ndinaitokosa ndi tsache pamodzi ndi akangaude, n'kuiika pameza mwamphamvu kuposa mmene ndinafunira.

"Kodi ndasanduka mphaka m'nyumba muno?"

Ababa anaseka pang'ono. M'mawa mwake sanandiitane ngakhale kamodzi, ine chitsiru n'kumasangalala kuti aphunzira kugwira. Nditalowa masana ndi chakudya ndinawapeza angokhala, komputadore yazima yokha, mbewa ili kunsi kwa kabati. Sindikudziwa kuti inagwa nthawi yanji. Ndinaitola n'kuibweza pameza, iwo akuti ndisavutike, maso akuwawa. Tsiku linalo maso anali akuwawabe, ndipo dzanja linabwerera m'thumba la kazako.

Sabata inatha choncho. Ndinkayatsa komputadore ndekha, kusewera molakwitsa dala kuti mwina andikalipire, koma iwo ankangoyang'ana pazenera. Lachisanu a Marita anabwera, anatambasula zala chimodzichimodzi, n'kundiyang'ana ine.

"Zayambanso kulimba," anatero. "Chachitika n'chiyani?"

Ndinati maso. A Marita anayang'ana m'maso mwa Ababa ndi katochi kawo, sanapezemo kanthu, ndipo sanafunsenso.

Loweruka m'mawa ndinaima pakhonde n'kuimbira Mano, ndipo mudzi wonse unamva. Ndinati atumize wa fiyu msanga, mbewa yawoyi tiibweza pa shapa yomwe inabwera nayo. Mano ananena motsitsa mawu kuti anayenda masitolo atatu kufunafuna yopepuka, yoti ikwane m'dzanja la Ababa. Anati ayesa, koma dalaivala uja abweranso sabata yamawa.

Nditadula telefoni ndinamva mawu m'nyumba.

"Luísa, usabweze chinthu chimene mwana wandigulira. Mbewa ilibe mlandu."

"Ndiye mlandu ndi wa yani?"

Ababa anangondiyang'ana. Ndinadziwa, ndipo iwo anadziwa kuti ndadziwa. Munthu wina akanagwada pomwepo n'kupepesa za mphaka zija. Ine mawu opepesa amandikakamira pakhosi, m'malo mwake mumatuluka ena.

"Chabwino, dzanja lanulo lisungeni m'thumbamo liume."

Ndinasenza chimanga n'kupita kuchigayo. Mzere sunali wautali, koma ndinalola anthu atatu kundipitirira, mpaka mwini chigayo anafunsa ngati ndikudwala. Ndinali ndi manyazi, ndipo sindinkadziwa kuti ndikalowa bwanji m'nyumba muja. Ndinaganiza zokapempha a Stélio kuti andibwereke khoswe wa kusukulu, koma linali Loweruka ndipo anali atapita kwawo ku Mualadzi pa mota, njinga yawo yamoto.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. Ndisanatule ufa ndinamva kuchokera pabalaza: phwa. Kenako phwa, phwa.

Ababa anali pameza, lilime lili pakona ya mlomo, dzanja lili pamsana pa mbewa. Kumbuyo kwa mbewayo kunkatuluka ulusi woyera, uja wosokera pakamwa pa matumba. Thumba limodzi la chimanga pafupi ndi kadera yawo linali yasa, chimanga chitatayikira pansi. Ulusiwo anaudutsa pa kachitseko ka pilya n'kutsekanso, mbali inayo anaimangirira ku kadera.

"Taona," anatero osandipatsa moni.

Anakankha mbewa dala. Inagwa, inalendewera m'mbali mwa meza ikuzungulira, iwo n'kuikoka pang'onopang'ono mpaka inafika pamwamba.

"Yamera mchira. Ndaibatiza, tsopano ndi khoswe."

"Ndiye chimanga changa chilipire ubatizowo?"

"Utola. Suja umadziwa kutola?"

Ndinawerama kuti ndiyambe kutola chimangacho, maso anga n'kugwera pa mfundo. Zinali ziwiri pa mbewa, ziwiri pa kadera, zokoka bwino, zoti ngakhale mbuzi singamasule. Ndinaziyesa ndi chikhadabo, osatheka. Ndakhala ndikumanga matumba moyo wanga wonse, ndipo ndikudziwa kuti mfundo yotere simangika ndi dzanja limodzi.

"Kunabwera ndani kuno, Ababa?"

"Palibe."

"Ndiye mwamanga ndi mano?"

"Mano ati? Ako ali ku Tete, anga anathera ku nzimbe."

Anachotsa dzanja lamanja pa mbewa n'kulitembenuza kuti ndilione. Pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala panali mizere yofiira pamene ulusi unadya khungu.

"Landivuta kuyambira pamene unatuluka paja," anatero. "Ulusi umapulumuka, ndigwira, upulumuka. Ndinalikalipira monga umakalipira iwe, ndiye linamva."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene mawu opepesa aja, koma iwo anati ndisunthe, ndikutchinga kuwala, timipira tatsala pang'ono kufika pansi. Ndinakhala pa thumba la ufa n'kulira mokweza, ufa uli mbuu kumutu. Ababa sanacheuke.

"Ukamaliza umuimbire Ivo," anatero, chala chikudina. "Umuuze asagule wina."